Kalata yotseguka kwa oyang'anira maina a malo ku America: timidzi topanda meya musatisokoneze

Kwa inu mabwana a Board on Geographic Names, a positi ofesi, a kalembera, akuluakulu a ma county, komanso inu a makampani opanga mapu a mu foni,

Ndakupatsani moni nonse. Kalatayi ndailemba poyera dala kuti nawonso anzanga aiwerenge, anzanga omwe tinabwera kuno ku America nkupezeka kuti ntchito yatiponya kumidzi, ena tikusamalira okalamba mmakomo, ena akuyendetsa ma thiraki, ena akuperekera katundu khomo ndi khomo, chifukwa zomwe ndikufuna kunenazi timakumana nazo pafupipafupi koma timangodandaula mu galimoto basi nkuiwala. Nkhani yake ndi ya timidzi tating'onoting'ono tomwe tilibe meya, tilibe khonsolo, tilibe olo malire olembedwa papepala, chomwe tili nacho ndi dzina lokha, nde dzina lomwelonso ndi logawana ndi timidzi tina mazanamazana.

Kwa amene sakudziwa mmene zimayendera kuno, malo kuti akhale tauni yodziyimira payokha pamafunika kuti boma la state liwavomereze mwalamulo, akhale ndi malire, meya kapena khonsolo, azitolera misonkho yawo. Malo otero alipo pafupifupi 19,500 dziko lonse. Ena onse otsalawo ndi omwe amati unincorporated, ambiri amawayang'anira ndi a county, chigawo cha state chofanana ndi boma (district) la kwathu. Chitetezo ndi sheriff, mkulu wa apolisi a county, yemwe mwina ali mtunda wautali, moto ukabuka amabwera ndi anthu ongodzipereka omwe masana ali kumunda kapena ku ntchito zawo, madzi ndi chitsime cha pakhomo, zakuchimbudzi zimapita mu septic tank kuseli kwa nyumba. Alipo malo ena akuluakulu omwenso ali mgulu lomweli, ngati Paradise ku Nevada komwe kuli mahotela ambiri a juga aja anthu amangoti ndi Las Vegas, koma awo ndalama ali nazo ndipo akayankhula amamveka, sindikunena awo ayi. Ine ndikunena pamphambano paja pali tchalitchi chimodzi, manda kuseli kwake, golosale yomwe inatsekedwa kalekale, nyumba zingapo zomwazikana, ndi kachikwangwani kobiriwira kolembedwa Midway.

Midway ake ati? Funso lake ndi limeneli. A USGS omwe amasunga kaundula wa maina a malo nthawi ina atawerenga anapeza ma Fairview 288 ndi ma Midway 256. Riverside anapezeka mu ma state 46, Springfield mu ma state 34. Ndiye onjezani Oak Grove, Pleasant Hill, New Hope, Bethel, Shady Grove, Five Points, Mount Pleasant, mndandanda wake sutha. Zikanakhala kuti state iliyonse ili ndi Midway mmodzi bola, koma ma state alipo 50 okha, nde 256 ija mukaigawa muona nokha kuti mu state imodzi muli ma Midway angapo, mwina awiri ali mma county oyandikana, msewu umodzi womwewo.

Ndipo ine anthu amene anatcha mainawa sindikuwaona kulakwa olo pang'ono. Munthu wa mzaka za mma 1800 wafika pa ngolo, wamanga nyumba pakati pa matauni awiri, apaulendo akumapumira pakhomo pake kumwetsa mahachi, malowo awatcha chani kupatula Midway? Sankadziwa kuti kutsidya kwa phiri winanso waganiza chimodzimodzi, panalibe foni, panalibe woti amufunse. Ena anayamba ndi kumanga tchalitchi, nkuchitcha dzina la mBaibulo, Bethel, Shiloh, Antioch, Salem, Mount Zion, kenako manda, kenako sukulu ya chipinda chimodzi, dzina la tchalitchi lija nkukhala la dera lonse. Kumwera kwa dziko lino ukapolo utatha mu 1865, anthu akuda ambiri anakagula kapena kukhala pa malo akutali ndi matauni nkuyambitsa midzi yawoyawo, ku Texas kokha ofufuza akuti midzi yotere inapitilira 500, ndipo yambiri sinalembetsedwepo ngati tauni. New Hope ya anthu oti angomasulidwa kumene si dzina longotola, munthu ukaima pa manda awo nkuwerenga zaka zomwe zili pa miyala umamva kuti anthuwa ankanena zenizeni.

Nde musandimve molakwa mabwana, sindikupempha kuti mainawa muwafufute kapena muwasinthe. Ndikupempha kuti makina anu, mabuku anu ndi mapu anu aphunzire kusiyanitsa Oak Grove uyu ndi Oak Grove uyo, chifukwa pakali pano amene akulipira chisokonezochi ndi anthu okalamba, osauka, omwe alibe wowayankhulira.

Ndiyambe ndi inu a positi ofesi poti mbiri ya timidziti yambiri inadutsa mmanja mwanu. Kale lamulo lanu linali loti mu state imodzi musakhale ma positi ofesi awiri a dzina limodzi, ndipo linali lamulo lanzeru. Mudzi wina ku Indiana unkatchedwa Santa Fe, utapempha positi ofesi anaukaniza chifukwa Santa Fe wina analipo kale mu state yomweyo, mpaka mu 1856 anthu anasankha dzina loti Santa Claus lomwe lilipo mpaka lero. Nthawi imeneyo pafupifupi mphambano iliyonse inali ndi positi ofesi yake, kawirikawiri pakona mu golosale, mwini golosale yemweyo ndiye postmaster. Mu 1901 ma positi ofesi anafika 76,945. Koma kuyambira 1896 munayamba kuperekera makalata mmakomo a kumidzi, anthu anasangalala ndipo nzomveka, chokhacho nchoti ma positi ofesi ang'onoang'ono aja anayamba kutsekedwa mmodzimmodzi, lero atsala cha mma 31,000. Positi ofesi ikatsekedwa, dzina la mudzi limachoka pa envulopu. Mu 1963 kunabwera ZIP code, manambala a dera olembedwa kumapeto kwa adilesi, nde basi munthu wobadwira ku Pleasant Hill, makolo ake ali mmanda a Pleasant Hill, akalemba adilesi amalemba dzina la tauni ina yomwe amapitako mwina kamodzi pa sabata kukagula mankhwala. Mu 2011 munatulutsanso mndandanda wa ma positi ofesi pafupifupi 3,700 oti mwina atsekedwe, ambiri a kumidzi, anthu atakuwa munabwerera mmbuyo koma mu 2012 munachepetsa maola otsegulira mma ofesi pafupifupi 13,000.

Vuto lake nali. Munthu mmodzi ali ndi maina a malo awiri, la pakamwa ndi la pa envulopu. La pakamwa ndi lomwe amatchula akadzidzimuka, la pa envulopu ndi lomwe lili mu kompyuta. Komanso ZIP code siyitsata malire a county, inapangidwa potsata njira ya galimoto ya makalata, nde zimatheka adilesi yako kutchula tauni ya county ina pamene iwe misonkho umalipira kwina, ambulansi yako ndi ya kwina, kovotera nkwina.

Ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso anga. Ndinkasamalira agogo ena aakazi, a zaka za mma 80, nyumba yawo ya matabwa ili kumapeto kwa msewu wa miyala, pakhonde mpando wogwedera ndi zitini za maluwa. Tsiku lina mmawa ndikufika ndinawapeza ali pansi kubafa, agwa usiku, mwendo sukutheka kugwedeza, akunjenjemera ndi kuzizira. Ndinawafunditsa bulangete nkuimba 911, nambala yoitanira thandizo pa ngozi, pa foni yanga ya mmanja. Mtsikana woyankha anafunsa adilesi, ndinampatsa nambala ya nyumba ndi msewu, anafunsa dera, agogo ali pansipo anakuwa okha dzina la mudzi wawo, Oak Grove, ine nkubwereza. Kunapezeka kuti foni yanga inagwira nsanja ya county yoyandikana, ndipo county imeneyonso ili ndi Oak Grove wake, ndi msewu wa dzina lofanana, wotchedwa dzina la tchalitchi. Ndinamva mtsikana uja akugogoda kompyuta, kenako anati nambala ya nyumbayo sikupezeka pa msewu umenewo, ndibwerezenso. Ndinabwereza. Mpaka ndinathamangira pa tebulo la kukhitchini kukatenga kalata ya bilu ya magetsi nkumuwerengera zonse zomwe zinalembedwapo, mpamene anazindikira kuti tili county ina, nkutilumikiza ndi anzake a kumeneko, kuyambiranso kufotokoza pachiyambi. Nthawi yonseyi agogo andigwira dzanja akundifunsa kuti akubwera? akubwera? Ambulansi inabwera ndithu ndipo agogo anachira, koma mphindi zomwe zinatayika zija zikanakhala za munthu wodwala mtima kapena sitiroko bwezi tikunena zina. Mtsikana wa pa foni uja sindimuimba mlandu, anayesetsa ndi zomwe anali nazo patsogolo pake.

Nambala ya 911 inayamba mu 1968 ku Haleyville, Alabama, ndipo mzaka zotsatira ma county ambiri anagwira ntchito yaikulu yopereka maina a misewu ndi manambala a nyumba kumidzi komwe kale adilesi inkangokhala nambala ya njira ya makalata ndi nambala ya bokosi. Ntchito imeneyo inapulumutsa anthu, tiyamike. Koma county iliyonse inkachita payokha osayang'ana kuti oyandikana nawo atcha chani, nde Church Road, Cemetery Road, County Line Road zili paliponse. Mu 2024 a FCC, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, anakhazikitsa lamulo loti makampani a foni azitumiza kuitana kwa 911 potengera pomwe foniyo ili, osati nsanja yomwe yagwira. Zimenezo nzabwino kwambiri, chonde zifike msanga kumidzi komwe netiweki yake ndi ya kadontho kamodzi, chifukwa zinthu zatsopano kuno zimayambira mmizinda, kumudzi zimafika mochedwa pomwe kumudziko ndi komwe chipatala chili kutali.

Tsono inu a Board on Geographic Names. Bungwe lanu analikhazikitsa ndi pulezidenti Benjamin Harrison mu 1890 ndendende chifukwa cha chisokonezo cha maina, mapu a boma ankalemba malo amodzi mosiyanasiyana, ndipo mu 1947 nyumba ya malamulo inakupatsani mphamvu mwalamulo. Mukudziwa bwino kuposa ine kuti dzina anthu amalikonda bwanji. Mu 1891 munachotsa chilembo h kumapeto kwa Pittsburgh pofuna kuti maina onse otere azilembedwa mofanana, anthu a mzindawo anakana, analimbana nanu zaka 20 mpaka mu 1911 munawabwezera. Ngati mzinda waukulu unamenyera chilembo chimodzi chonchi, nanga agogo aja mungawauze kuti kuyambira lero kwanu si ku Oak Grove? Mfundo yanu yoti dzina lomwe anthu a pamalopo amagwiritsa ntchito ndi lomwe liyenera kulemekezedwa ndi yabwino, igwiritsitseni.

Chomwe chimandipweteka nchoti yankho muli nalo kale mmanja. Mu kaundula wanu uja wa GNIS malo aliwonse ali ndi nambala yakeyake, ali ndi county yake, ali ndi manambala osonyeza pomwe ali pa dziko. Ma Midway onse 256 aja aliyense ali ndi nambala yosiyana ndi mnzake. Nanga bwanji nambala imeneyi imangokhala mu kaundula, osafika pa kompyuta ya wolandira 911, ya kampani ya magetsi, ya a inshulansi, ya woperekera mankhwala? Ife tinakula tikudziwa kuti dzina la mudzi silitchulidwa lokha, umatchula mudzi, mfumu yaikulu, ndi boma, atatuwo akakhala pamodzi munthu sasochera. Kunonso dzina la kamudzi lisamayende lokha, liziyenda ndi county yake nthawi zonse, pa fomu iliyonse, pa sikirini iliyonse.

Komanso kaundulayo akufunika kusesa. Pomwe ankamulemba kuyambira mzaka za mma 1970 ankakopera maina kuchokera pa mapu akale, nde malo ambiri omwe analembedwa kuti ndi mokhala anthu anali chabe popatukira sitima pa njanji, kapena famu ya munthu mmodzi, kapena mphambano yopanda nyumba olo imodzi. Zolakwikazo zinakoperedwa pa intaneti, masamba ambirimbiri onena kuti malo akutiakuti ndi mudzi pomwe ukapitako upeza tchire ndi njanji basi. Mapeto ake midzi yeniyeni yokhala ndi anthu amoyo yasakanikirana ndi midzi yoti sinakhaleko, onse dzina limodzi, onse akuoneka ofanana pa foni. Ndiye mu 2021 munachotsa mu kaundulayo magulu a zinthu ngati matchalitchi, manda, sukulu ndi ma positi ofesi. Mwina munali ndi zifukwa zanu za ntchito ndi ndalama, koma kumudzi zinthu zimenezi ndi zomwe zimasiyanitsa Bethel uyu ndi Bethel winayo. Munthu wa kumudzi sakulozera njira ndi manambala, amati ukadutsa tchalitchi cha Baptist ukhotere kumanzere pa manda.

Ndipo mphamvu zosintha zinthu mukafuna muli nazo, tinaona. Deb Haaland, yemwe panthawiyo anali nduna yoona za malo a boma, atalamula kuti mawu ena onyoza amayi a mitundu ya eni dziko lino achotsedwe pa maina a malo, mu 2022 malo pafupifupi 650 anasinthidwa, ndipo mu January 2023 kamudzi kena ka ku Fresno County ku California kanakhala Yokuts Valley. Ine ndikuti munachita bwino, dzina lotukwana anthu siliyenera kukhala pa mapu. Koma ngakhale pamenepo anthu ena okhala mderalo anadandaula kuti sanafunsidwe mokwanira, mkangano unakula. Phunziro lake ndi loti kamudzi kopanda khonsolo kalibe pokhalira pansi nkugwirizana chimodzi, nde inuyo ndi amene muyenera kupita kwa iwo, mu holo ya tchalitchi kapena ku siteshoni ya ozimitsa moto, madzulo anthu ataweruka, osati kungolengeza pa intaneti kuti amene ali ndi maganizo alembe.

Taonani kusiyana kwake ndi malo omwe ali ndi boma lawo. Ku New Jersey kunali ma Washington Township 6 mu state imodzi yaing'ono ngati imene ija. A ku Mercer County atatopa ndi kusokonezedwa anavota mu November 2007, pofika January 2008 anakhala Robbinsville, dzina la kamudzi kena ka mkati mwawo momwemo. Anatha kutero chifukwa ali ndi meya, ali ndi khonsolo, ali ndi njira yoikira funso pa pepala lovotera. Ku Ohio ma Washington Township alipo 43, ku Indiana 46, koma olo iwowo ali ndi akuluakulu osankhidwa oti angayankhe foni. Nanga Shady Grove wa nyumba khumi ndi ziwiri, voti aitanitse ndani? Kalata yodandaula asayine ndani? Malamulo anu amalola munthu aliyense kulemba pempho lokhudza dzina la malo, koma ndi angati kumidzi kuno akudziwa zoti bungwe lanu liliko nkomwe?

Inu a kalembera, nkhani yanu ndiye ya ndalama. Muli ndi njira yowerengera padera malo ena opanda boma lawo, kuyambira 1980 mumawatcha census designated place, mumawajambulira malire ongowerengera anthu. Koma timidzi tambiri sitinalowemo, anthu ake amangomwazidwa mu chiwerengero cha county yonse. Nde kamudzi kakafuna kupempha thandizo la mapaipi a madzi, fomu imafunsa kuti muli anthu angati, amapeza ndalama zingati pa chaka, yankho palibe. Osauka a pa mphambano aja akaphatikizidwa ndi eni mafamu akuluakulu owazungulira, pa pepala dera lonse limaoneka lopeza bwino, thandizo nkupita kwina.

Izi si zongoganizira. Ku California chilala chitavuta mu 2014, zitsime za mmakomo mazanamazana zinauma ku East Porterville mu Tulare County, anthu kumasamba ndi madzi a mu ndowa mdziko lolemera ngati lino, pomwe tauni ya Porterville yoyandikana nayo mipopi ikutuluka. Ku Lanare mu Fresno County anawamangira makina ochotsa poizoni wa arsenic mmadzi a ndalama zoposa 1 miliyoni ya madola, anagwira ntchito miyezi 6 yokha nkutsekedwa chifukwa anthu ochepa osauka aja sakanakwanitsa kulipira zoyendetsera. Ku Texas mmalire ndi Mexico kuli ma colonia opitilira 2,000, anthu anagulitsidwa mapuloti opanda madzi, opanda ngalande, opanda msewu wabwino. Ku Lowndes County ku Alabama mabanja ambiri zonyansa za kuchimbudzi zimangotayikira pabwalo kuseli kwa nyumba chifukwa dothi lake silimwa madzi ndipo septic tank yoyenera ndi yodula kuposa mmene angathere. California mu 2011 inakhazikitsa lamulo la SB 244 lokakamiza matauni ndi ma county kuti azilemba ndi kuonetsa pa mapu midzi yosauka yopanda boma lake akamakonza mapulani. Tangoganizani, mpaka pachite kufunika lamulo kuti akuluakulu avomere kuti midziyi ilipo. Ma state ena atengereko pamenepa.

Olo kuvota kumene kumakhudzidwa. Ku North Dakota mu 2018 lamulo linkafuna chiphaso chokhala ndi adilesi ya nyumba, pomwe anthu ambiri a mitundu ya eni dziko okhala mmadera awo amalandira makalata pa bokosi la ku positi ofesi, nyumba zawo zilibe nambala. Atsogoleri awo anachita kugwira ntchito usana ndi usiku kupanga ma adilesi ndi ziphaso chisankho chili pafupi. Munthu woti makolo ake anali pamalopo dziko lino lisanakhale dziko, nkumamufunsa umboni woti amakhala penapake.

Akuluakulu a ma county, inu ndiye boma lokhalo lomwe anthuwa ali nalo, palibenso wina. Zambiri zomwe zikufunika kwa inu si zodula ayi. Kachikwangwani kobiriwira kaja kakagwa kapena kuomberedwa ndi mfuti mukabwezeretse, ndipo pansi pa dzinalo mulembepo county. Khalani pansi ndi ma county oyandikana nanu muyerekeze maina a misewu ndi midzi yomwe ikufanana mmalire mwanu, olandira 911 akhale ndi mndandanda umenewo pamaso pawo kuti munthu akangoti Oak Grove kompyuta izifunsa yokha kuti uti. Mu kompyutamo mulowetsenso maina a pakamwa, omwe anthu amatchula, olo akhale kuti pa envulopu sapezeka. Okalamba omwe amakhala okha athandizeni kuika manambala owala usiku pa bokosi la makalata kumsewu, chifukwa ndaonapo mabokosi ambiri manambala ake anafufutika ndi dzuwa, ena munamera zitsamba, woyendetsa ambulansi usiku wa mvula sangaone kanthu. Ndipo pa misonkhano yanu muzikhala ndi nthawi yomvera anthu a mmidzi imeneyi, musamaiike mmawa pakati pa sabata pomwe aliyense ali ku ntchito.

Inu a mapu a mu foni ndiye mwatsala, ndipo mwina ndinu amphamvu kuposa onsewa masiku ano chifukwa munthu sayang'ananso mapu a pepala. Munthu akalemba Fairview foni imangosankha yokha imodzi, kawirikawiri yaikulu kapena yotchuka, nkuyamba kulozera njira molimba mtima ngati palibe ina. Mnzanga wina woyendetsa thiraki anapita ndi katundu mtunda wautali nkukafika pa Fairview wolakwika mu state yolondola, mafuta apita, tsiku lapita, bwana wake nkumudula malipiro. Mlendo ngati ife sitingadziwe kuti pali Fairview wina, timakhulupirira foni. Chovuta nchani kuti dzina likakhala la malo angapo mu state imodzi foni iziyamba yaonetsa onse, lililonse ndi county yake ndi tauni yomwe lili pafupi nayo, munthu asankhe yekha? Pa malo odyera mumatha kutiuza mpaka nthawi yotsekera ndi mtengo wa chakudya, nde luso loti musiyanitse midzi iwiri muli nalo. Ndipo munthu wa pamalopo akakulemberani kuti pini yanu mwaiika pamunda wa chimanga, mudzi uli makilomita angapo kumpoto, muzimumvera msanga, iyeyo ndi amene amakhala kumeneko.

A positi ofesi ndibwererenso kwa inu ndi pempho limodzi. Mu makina anu ZIP code imodzi imatha kukhala ndi dzina lalikulu ndi maina ena ovomerezeka omwe munthu angalembe kalata nkufika. Njira imeneyi itsegulireni timidzi tambiri, ndipo kapemphedwe kake kakhale kosavuta koti gulu la amayi a ku tchalitchi kapena ozimitsa moto ongodzipereka atha kulemba okha popanda loya. Kalata imayenda ndi manambala masiku ano, dzina la mudzi pa envulopu silichedwetsa makina anu, koma limapangitsa kuti dzina la pakamwa ndi la mu kompyuta likhale limodzi, ndipo tsiku la ngozi zimenezo ndi zomwe zimafunika.

Kwa anzanga omwe mukugwira ntchito mmakomo a okalamba kumidzi kuno, pomwe tikudikira mabwanawa, tsiku loyamba pa nyumba iliyonse funsani county, funsani dzina lomwe eni ake amatchula dera lawo, funsani msewu waukulu wapafupi ndi chizindikiro chomwe aliyense amachidziwa, mulembe ndi zilembo zikuluzikulu papepala mumate pa fuliji. Mukaimba 911 yambani ndi county musanatchule china chilichonse.

Mabwana, ndikudikira kumva kuti ndani mwa inu ayambe. Zikanakhala bwino a Board on Geographic Names ndi a USGS mutatulutsa mndandanda wa maina onse obwerezedwa mkati mwa state iliyonse, makamaka omwe ali mma county ogundana, nkuutumiza ku ofesi iliyonse yolandira 911 chaka chino chisanathe.

Ine wanu,
mmodzi mwa osamalira okalamba kumidzi ya ku America